Sitata Yakana, Apongozi Ali Kumbuyo

Njinga yanga yamoto ndinaigula kwa munthu wina wa ku Dwangwa konkuno, ndipo tsiku loigulalo kiki, chopondera cholizira injini chija, inali itathyoka kale. Wogulitsayo anandiuza kuti kiki ndi ya anthu akale, masiku ano munthu umangodina batani, sitata n'kugwira ntchito yonse. Ndinavomera, poti ndinkaifunitsitsa. Zaka ziwiri ndinayenda nayo chodina batani, kunyamula anthu ndi matumba a mpunga, popanda chodandaula. Koma sabata imene ndikunenayi inali itayamba mwano. Ukadina inkayamba yaganiza kaye, kenako n'kulira monyinyirika.

Mkazi wanga Asiyatu anali woyembekezera kachiwiri. Mwana woyamba tinamutaya chaka cham'mbuyo mwake, pa tsiku lobadwa lomwelo. Mayi ake, amene amakhala ku Benga, ananyamuka pa minibasi atangomva kuti matenda ayamba, koma anafika zonse zitatha, ndipo Asiyatu anakumana nazo zimenezo ali pakati pa anthu achilendo. Sanandiimbe mlandu. Anangondilumbiritsa kuti ulendo uno zikadzangoyamba, ndidzapite ndekha kukawatenga mayi akewo. Choncho Lachisanu lina m'mamawa atandigwedeza n'kunena kuti msana wayamba, kukadali milungu iwiri kuti masiku akwane, ndinakamusiya kuchipatala m'manja mwa aNyaChirwa, oyandikana nawo nyumba, ine n'kuuyatsa wa ku Benga. Anali masiku aja mafuta ankasowa, koma ine ndinali nditabisa petulo m'mabotolo kudikira tsiku limeneli.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ine ndi Asiyatu sitinachiganizire polumbira paja. Zaka zitatu za ukwati wathu, ine ndi apongozi anga tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Kwawoko mwambo umenewu sasewera nawo. Ndikafika pakhomo pawo ndinkanjuta patali, nkhope nditalozetsa ku khola la mbuzi, iwo n'kumayankha moni ali kuseri kwa chitseko. Mawu ena aliwonse ankadzera mwa Asiyatu. Tikaonana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire ngati waona njoka. Anthu amenewo ndi amene tinkayenera kukhala pa chishalo chimodzi kuchokera ku Benga mpaka ku Dwangwa.

Popita sindinavutike. Ndinafika ku Benga dzuwa lisanakwere kwambiri, ndipo a Kassimu, mlongo wawo wa apongozi, ndiwo anakhala mkhalapakati wathu. Ndinauza a Kassimu kuti awauze mayi kuti mwana wawo ali kuchipatala, a Kassimu anatembenuka n'kuwauza, ngakhale apongoziwo anali ataima pafupi moti anamva okha zonse. Sanachedwe. Anatuluka ndi ufa, mapoto awiri, mtolo wa nsalu, fulasiki ya madzi otentha ndi chibeseni chachikulu. Vuto linali kakhalidwe ka panjinga. A Kassimu anazungulira njingayo kawiri, n'kuweruza kuti beseni liime chilili pakati pathu ngati khoma, timange ndi mphira. Apongozi anakwera cham'mbali, miyendo yonse kumanzere, nkhope atayang'ana kuminda.

Ndinapotoza kiyi n'kudina batani. Inangoti tiki. Ndinadinanso, tiki. Thukuta linayamba pomwepo. Ndinaona giya, inali pa nyutulo. Ndinaona kabatani kofiira kozimitsira injini kaja, kanali pamalo pake. Ndinapempha a Kassimu kuti apemphe mayi atsike kaye, ndipo ndinatsegula chivundikiro cha m'mbali, kumene kumakhala batire. Ndinazula fyuzi, n'kuiyang'ana padzuwa ngati munthu wodziwa zinthu, koma inali yabwinobwino. Apongozi anali ataima chapoteropo, ndipo ndinamva akunong'oneza a Kassimu chinachake. A Kassimu anangoseka n'kunena kuti za njinga tiwasiyire eni ake. Anakaitana amuna atatu amene ankasewera bawo pansi pa mtengo, tinakweranso, iwo n'kutikankha. Nditasiya kilatchi injini inadzuka, beseni n'kundimenya pamsana.

Muyenera kudziwa kuti chifukwa cha kusowa kwa mafuta kuja, ndinali nditaitsitsa kwambiri injini kuti isamamwe petulo ikangoima. Nzeru imeneyi ndinkainyadira. Kuipa kwake kunali kwakuti ukachepetsa liwiro mwadzidzidzi, inkazima yokha. Masiku amene sitata inali bwino zimenezi sizinali kanthu. Tsikuli ndinayenda ngati wanyamula mazira, kupempha Mulungu kuti pasapezeke chondiimitsa. Maenje a mumsewu ndinkawalambalala mwaulemu, poti ndikagwera m'dzenje apongozi akanagwira chiyani, ine? Ankagwira beseni, beseni n'kumagwira ine.

Chondiimitsa chinapezeka pa Chia. Amene anadutsapo akudziwa mmene ogulitsa nsomba amachitira pamlatho paja, amalowa mumsewu weniweni atakweza chambo m'mwamba. Tsikulo magalimoto anali osowa, ndiye atangomva kulira kwa njinga anathamanga onse ngati kwabwera basi ya ku Lilongwe. Wina anandiika chambo pamphuno penipeni. Ndinaponda buleki, injini n'kuti zii.

Posakhalitsa tinazingidwa ndi akatswiri. Wina anati ndi pulagi. Ndinamuuza kuti pulagi ilibe mlandu ngati injini sikuzungulira n'komwe, iye anati ndiye kuti ndi pulagi yoipa kwambiri. Wina anagona pansi kusuzumira kunsi kwa injini, nsomba zake zili m'manja. Wina anati njinga zamtundu umenewu sizigwirizana ndi mphepo ya kunyanja. Aliyense ankafuna kudina yekha batani, ngati chala changa ndicho chinali ndi tsoka, ndipo aliyense ankalandira tiki wake. Apongozi anakodola mayi wina wogulitsa nsomba n'kumuuza mawu. Mayiyo anakauza mwamuna wake, mwamunayo n'kubwera kwa ine.

“Mayi anu akuti batire,” anatero. “Koma musatayepo nthawi. Taimbani hutala.”

Ndinaimba, inalira. Ndinayatsa nyali, inayaka. Tonse amuna tinagwirizana kuti batire lakufa silingalize hutala, nkhani ya batire n'kuthera pomwepo. Kuti atikankhe ndinachita kugula chambo ziwiri zimene sindinkazifuna, ndipo anazimangirira pagalasi la kumanja. Tinachoka pa Chia ntchentche zikutiperekeza.

Pofika pa boma la Nkhotakota ndinali nditaganiza kuti ndisapitirire chonchi, ndionetse kwa makaniko. Ndinaganizanso zowakweza apongozi minibasi, koma pa depoti panali imodzi yokha, yopanda anthu, dalaivala wake atapita kukaima pamzere wa mafuta ndi chigubu. Kondakitala ananena mtengo woti munthu ungakafike nawo ku Mzuzu, ndipo nditamufunsa nthawi yonyamukira anangoyang'ana kumwamba. Ndinakumbukira mmene minibasi inatichitira chaka chija. Ndinalimba mtima n'kukhotera kwa makaniko wina, a Twaibu, amene ali ndi kashedi pansi pa mtengo wa mango.

A Twaibu anamvetsera tiki uja atatsinzina, ngati dokotala. Anati mabulashi a m'kati mwa sitata atha. Anaigogoda ndi sipanala ine ndikudina, koma sizinathandize. Anati ndiye timasule. Ndinawauza kuti ndili ndi wodwala ku Dwangwa, iwo anati ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe. Anamasula sitata yonse, n'kuyala mabawuti pakatoni, n'kuilumikiza ku batire lawo. Inazungulira mwamphamvu mpaka kutsala pang'ono kuwapulumuka m'manja. Ndiye kuti sitata inalibe vuto. A Twaibu anakanda m'mutu n'kunena kuti ankadziwa kale, amangofuna kutsimikiza.

Apongozi anali atakhala pamthunzi pafupi ndi mayi wogulitsa zitumbuwa. Mayi ameneyu analibe zonong'ona. Anakuwa ali pomwepo kuti agogowa akuti muyang'ane pamutu pa batire. A Twaibu sanatembenuke n'komwe.

“Muwauze amayiwo kuti iyi si wailesi,” anatero.

Anthu amene anali pashedipo anaseka. Ndipo pano ndinene zoona, ngakhale zimandichititsa manyazi mpaka lero: inenso ndinaseka nawo pang'ono.

Nthawi yomweyo kumzikiti kunamveka adhana, kuitanira anthu ku mapemphero. Ndinali nditaiwaliratu kuti linali Lachisanu. A Twaibu anaika sipanala pansi, n'kusamba m'manja, n'kuvala chisoti chawo. Ndinawachonderera kuti angomanga kaye, iwo anandiyang'ana modabwa n'kundifunsa ngati ine si Msilamu. Ndikanati chiyani? Njinga inali itasasulidwa, matumbo ake ali pakatoni. Ndinapempha mayi wa zitumbuwa kuti apemphe mayi atiyang'anireko mabawuti, ndipo ndinatsatira a Twaibu. Ndinaswali, koma Mulungu andikhululukire, mtima wanga sunali mumzikitimo. Ulaliki wa tsikulo unali wa kupirira, ndipo shehe anaufotokoza mopirira ndithu.

Potuluka ndinapeza kuti aNyaChirwa aimba katatu. Nditawaimbira anati ululu ukubwera pafupipafupi tsopano, ndipo Asiyatu akungoyang'ana kukhomo. Ndinawauza kuti amuuze kuti tatsala pang'ono, chimene chinali bodza la masana. A Twaibu anamanga sitata mosafulumira, n'kugamula kuti wolakwa ndi rileyi, kachipangizo kamene kamalira tiki kaja. Iwo analibe, ndipo wogulitsa anali atapita kumaliro. Ndinawalipira chifukwa chomasula chinthu chabwinobwino n'kuchimanganso, ndipo anatikankha okha mpaka kumsewu, akundilangiza kuti ndisaime paliponse.

Malangizo amenewo ndinawasunga mpaka kuwoloka Bua. Msewu unali wa ife tokha, dzuwa likuswa mtengo, chambo zija zitayamba kudziwika. Tisanafike ku Liwaladzi panali kamlatho kena kamene madzi anakagumula nthawi ya dzinja, ndipo magalimoto ankapatukira kumbali, kutsetsereka n'kudutsa mumtsinje wouma. Apa ndi pamene ndinachita chopusa chachikulu pa ulendo wonsewo. Miyezi yonse ya kusowa kwa mafuta ndinali nditazolowera kuti pamtsetse uliwonse ndizizima injini, njinga izitsika yokha. Dzanja linachita zimenezo lokha mutu usanafunsidwe. Nditazindikira ndinati palibe kanthu, ndiidzutsa ndi giya kumunsiku. Kumunsiko ndinapeza ng'ombe zitagona pamchenga, zikubzikula, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene inali ndi maganizo odzuka.

Tinaima pakati pa mtsinje. Kutsogolo chitunda, kumbuyo chitunda, pansi mchenga wolowa mpaka m'kakolo. Woweta ng'ombezo sankaoneka. Panalibe wa bawo, panalibe wa nsomba, panalibe wa zitumbuwa. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, ndinali ndekha ndi apongozi anga popanda munthu wonyamula mawu.

Anatsika okha osauzidwa n'kukaima pafupi ndi bango, atandifulatira. Ine ndinamasula katundu yense, ndinagwira mahandulo n'kuyamba kuthamanga nayo njinga mumchengamo. Ndinalumphirapo, ndinasiya kilatchi, tayala linangokumba mchenga n'kuima. Ndinaikankhira pachitunda, theka lokha, mtima ukugunda m'makutu, n'kutsika nayo. Inatsokomola kamodzi basi. Ulendo wachitatu ndinaterereka, njinga inandigwera pamwendo, chambo imodzi n'kuthothoka kugwera kutsogolo kwa ng'ombe. Ndinatukwana mawu amene munthu sayenera kuwatchula m'mudzi mwa apongozi ake, kuli bwanji pamaso pawo.

Nditakhala pansi kupuma, ndinamva apongozi akulankhula. Sankalankhula ndi ine, ankalankhula ndi bango. Anauza bangolo kuti iwo kunyumba kwawo ali ndi batire la sola limene amatchajira mafoni a mudzi wonse, chaka chachisanu tsopano. Anati batire limenelo likachita ufa woyera pamutu, kanyali kakang'ono kamayaka bwinobwino, koma chinthu chachikulu chilichonse chimakana. Anawonjezera kuti ufa woterowo anauona ndi maso awo ku Benga, ukusuzumira kunsi kwa kachipewa ka mphira, pamene anthu ena ankayang'ana fyuzi padzuwa.

Ndinamva zonse. Koma mawu amenewo sanatumizidwe kwa ine, ndipo mkamwini wamakhalidwe samvetsera zimene apongozi ake akukambirana ndi bango. Ndinkaona ngati ndikadzuka n'kukatsegula pa batire, ndiye kuti ndavomera kuti ndimawamvetsera. Komanso, ndisanamizire mwambo wokha, kamtima kachimuna kanalipo. Makaniko wathunthu anali atanena kuti ndi rileyi. Ndinangokhala pamchengapo ndikupukuta magazi a pabondo.

Foni inalira. Anali aNyaChirwa, ndipo mawu awo sanali ngati a poyamba paja. Anati anamwino akuti mwana akuchedwa kutsika, ndipo zikapanda kusintha amutumiza Asiyatu kuchipatala cha pa boma. Kumbuyo kwawo ndinamva mawu a mkazi wanga, ofooka, akufunsa ngati amayi afika. ANyaChirwa amalankhula mokweza mwachibadwa, ndipo mumtsinjemo munali zii. Sipanafunike wonyamula mawu.

Ndinamva mapazi pamchenga. Nditakweza mutu ndinaona apongozi anga ataima patsogolo panga, akundiyang'ana m'maso. Ndinazindikira kuti nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Ali ndi maso a Asiyatu.

“A Mwale,” anatero, “ndipatseni sipanala.”

Ndinaitenga m'thumba la zida n'kuiika pansi pamchenga, patsogolo pawo, monga mmene ndinaphunzitsidwira.

“M'manja,” anatero.

Ndinawapatsa m'manja. Anandiuza kuti nditsegule chivundikiro, ndinatsegula. Anakanganula kachipewa ka mphira kaja ndi chikhadabo, ndipo kunsi kwake kunali chiufa choyera mobiriwira, chounjikana ngati nkhungu ya pa chimanga chovunda. Anagwira nati yomangira waya pamutu pa batirepo ndi zala ziwiri, inazungulira yokha. Waya ankangokhudza pang'ono chabe, mokwanira kuliza hutala ndi kunamiza amuna a boma lonse la Nkhotakota. Anamasula mtolo wawo, n'kutulutsa kapepala ka soda amene anatengera kuti azikaphikira therere. Anawaza pamutu pa batirepo, n'kuthira madzi otentha a mu fulasiki. Panachita thovu, pakulira ngati mafuta a m'chiwaya. Anapala ndi kampeni mpaka chitsulo chinawala, anapukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kumanga natiyo mwamphamvu, lilime atalumira.

“Dinani,” anatero.

Ndinadina. Abale inu, kulira kumene inalira njinga ija sindidzakuiwala. Ng'ombe zonse zinadzuka nthawi imodzi.

Ndinayamba kumanganso katundu, ndipo nditatenga beseni kuti ndiliimike pakati, anandilanda. Analimangirira kumbuyo kwenikweni pamwamba pa ufa, anakwera, n'kugwira malaya anga ndi manja onse awiri, manja akuda bii ndi dothi la batire.

“Mwana wanga akundidikira,” anatero. “Manyazi tikachitira ku Dwangwa. Thamangani.”

Ndinathamanga. Za Liwaladzi sindinganene kanthu, ndinangoona madenga akudutsa. Msana wanga unali wouma gwa ngati thabwa, poti sindinkadziwa kuti munthu amapuma bwanji apongozi atamugwira malaya. Koma iwo anali atamasuka. Zaka zitatu za mawu osungidwa zinatulukira pamsewu umenewo. Anandiuza kuti ndimaopa maenje ngati nkhalamba, kuti chambo yotsalayo nditaye isanatidwalitse, ndiponso kuti Asiyatu anawauza kale kuti ndine munthu wabwino koma wosamva. Ine ndinkangoti inde mayi, inde mayi, mphepo n'kumatenga mawuwo. Minda ya nzimbe itayamba kuoneka anasiya kulankhula, ndipo ndinamva akupemphera chapansipansi.

Pachipatala anatsika njinga isanaimitsitse, n'kuthamangira mkati ndi mtolo wa nsalu wokha. Ine ndinatsala panja. Injini sindinaizime. Ndinali nditaona ndi maso anga kuti yakonzeka, komabe mtima unkakana. Ndinkaganiza kuti akangotuluka n'kunena kuti tiyeni ku boma, ine n'kudina, iyo n'kuti tiki, ndidzatani? Mlonda anabwera kudzandiuza kuti phokoso likusokoneza odwala. Ndinaikankhira kunja kwa geti ikulirabe, n'kuima pomwe ndinkatha kuona khomo la chipinda cha amayi oyembekezera, dzanja lili pa mafuta kuti isazime.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinkagwedeza thanki kumvetsera petulo, ndipo ulendo uliwonse ankamveka wochepa. Injini inatentha mpaka kundiwotcha mwendo. Anzanga a kabaza ankadutsa n'kumandifunsa ngati ndalemera, kuti ndizitentha mafuta nditaima masiku ngati amenewa. Chitseko chija chikatseguka mtima unkalumpha, n'kupeza kuti ndi wina wokataya madzi. Chaka chija ndinaimanso pamalo omwewo, ndipo amene anatuluka kudzandiuza anali namwino amene sankadziwa ngakhale dzina langa. Ndinkachita mantha, mantha enieni, oti ndikanatha kuthawa.

Kenako anatuluka awiri, aNyaChirwa ndi apongozi. ANyaChirwa anayamba kubwera kwa ine, koma apongozi anawagwira mkono n'kuwasiya pakhonde. Anayenda okha kudutsa bwalo lonse, osafulumira, ndipo pankhope pawo sindinathe kuwerengapo kanthu. Ndinakwera panjinga, ndinagwira kilatchi, phazi lili pa giya. Anafika, anatambasula dzanja pakati pa mahandulo n'kupotoza kiyi. Kunangoti zii.

“Sitikupita ku boma,” anatero. “Ndi wamkazi. Akuyamwa.”

Ndinatsika n'kukhala pansi pafumbi pomwepo, pageti, anthu akudutsa, ndipo ndinalira ngati mwana, dzanja la apongozi anga lili paphewa panga.